Lamulungu Atambala Anagonjanso

Marbelí ankatsuka makapu a khofi kuseri kwa nyumba pamene anamva mchimwene wake akukweza mawu pabalaza.

"Mwadzatani kuno? Zimene mwachitazi sizinakukwanireni?"

Anapukuta manja n'kuthamangira m'nyumba. Pakhomo panaima a Fulgencio Mairena, mphunzitsi wa Atambala, timu ya besibolo, masewera omenya mpira ndi chibonga, chipewa chili m'manja. Mchimwene wakeyo, Danilo, amene anafika kuchokera ku Costa Rica maliro ataikidwa kale, anawatsekera njira. Mayi awo, a Doña Chilo, anali atakhala pafupi ndi tebulo la makandulo, kolona ili m'manja.

Linali tsiku lachisanu la mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Bambo awo, a Heriberto Cajina, ometa tsitsi odziwika tauni yonse, anagwa m'shopu yawo Lachisanu m'mawa, lumo lili m'manja, akufotokozera kasitomala uchitsiru wa Atambala. Mpikisano wa chaka chimenecho unali utangoyamba, koma pa masewera asanu ndi atatu timuyo inali itapambana amodzi okha. Chimwalirireni a Heriberto, inagonjanso kawiri.

"Andituma osewera," anatero a Fulgencio. "Lamulungu tikusewera pakwathu. Tikupempha kuti banja lidzakhale pamalo pa malemu, tidzawapatse ulemu."

"Lamulungu tikutseka mapemphero," anayankha Danilo. "Komanso timu yanuyo ndi imene yawapha bambo. Zaka makumi anayi mukuwakweza BP!"

"Zaka makumi anayi akutitukwana, n'zoona," anatero mkuluyo akumwetulira pang'ono. "Ine ananditcha bulu wovala chipewa, mkazi wanga ali pompo. Koma sanajombepo."

"Misa ndi ya eyiti koloko," a Doña Chilo anayankhula osadzutsa mutu. "Masewera ndi nthawi yanji, Fulgencio?"

"Leveni, mayi."

"Ndiye vuto lili pati? Tibwera."

Mlendo atapita, Danilo anamutsatira Marbelí kukhitchini.

"Iwe, uwalankhule amayi. Anthu adzati chiyani? Banja lonse zovala zakuda, kukakhala pakati pa anthu oledzera?"

"Anthu ake ati, achimwene? Theka la amene amabwera kudzapemphera kuno adzakhala komweko."

Danilo anatenga mpeni n'kuyamba kusenda nthochi zoti akazinge, koma ankadula ndi mnofu womwe.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndili kunja. Ndikaimba foni Lamulungu, yankho limodzimodzi: ali kubwalo. Ku ukwati wanga anafika ansembe atamaliza, ati masewera anatalika. Moyo wawo wonse anaupereka kwa anthu osadziwa ngakhale kugwira mpira."

Marbelí sanatsutse, chifukwa zonsezo zinali zoona. Iyenso ankakumbukira mmene bambo ankabwerera kunyumba mawu atasasa, n'kulumbira pamaso pa chithunzi cha Maria Virigo kuti phazi lawo silidzapondanso kubwalo. Likafika Lachitatu ankayamba kunena kuti woponya mpira watsopano uja ali ndi dzanja, angofunika kudya bwino. Likafika Loweruka malaya ofiira a timu anali atasitidwa kale.

"Amayi sanapiteko n'kamodzi komwe," anatero Marbelí. "Ngati akufuna kukaona kumene amuna awo ankakhala, ine ndiwaperekeza. Inu mutsale ngati mukufuna."

Lamulungu, Misa itatha ndipo alendo atamwa khofi ndi mabisiketi a chimanga, anayenda wapansi kupita kubwalo. Danilo anabwera, koma ankatsalira kumbuyo, manja m'matumba. Dzuwa linali likuswa mtengo.

Malo a a Heriberto anali pamasitepe a simenti, mzere wachinayi. Panalibe dzina, koma palibe amene anakhalapo. Mnzawo wakale, a Casimiro, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, anapukuta simentiyo ndi mpango n'kuwakhazika mayiwo.

Osewera anandanda pabwalo, aliyense atamanga kansalu kakuda pamkono. Wolengeza atatchula dzina la Heriberto Cajina, bwalo lonse linaimirira: ogulitsa mowa, amayi okazinga nyama, ngakhale ochemerera timu ya alendo. Marbelí anayang'ana uku ndi uku. Ambiri mwa mitu imene inavula zipewayo inametedwa ndi bambo ake. Misozi inalengeza, koma anaima njo, mutu uli m'mwamba.

Masewera atayamba, zinthu zinayenda monga mwa masiku onse. Woponya mpira wa Atambala ankaponya ngati akudyetsa nkhuku, ndipo alendo ankangoumenya. Chodabwitsa chinali chete amene anali pamzere wachinayi. Wosewera akalakwitsa, anthu ankatembenukira komweko mosazindikira, kenako n'kuyang'ana pansi.

"Apa malemu akanati chiyani?" anafunsa a Doña Chilo.

"Pepani mayi, sindingabwereze muli ndi kolona m'manja," anayankha a Casimiro.

Chapakati pa masewera mpira unamenyedwa m'mwamba, wosavuta, woti ngakhale nkhalamba ikanaugwira. Osewera awiri anauthamangira, anayang'anizana, aliyense kusiyira mnzake, ndipo mpirawo unagwera pakati pawo.

Danilo anadzambatuka.

"Mukudikira kuti ukulembereni kalata? Manja amenewo ndi odyera basi? Abulu inu!"

Kenako masitepe onse anaphulika ndi chiseko. "Cajina sanafe!" anakuwa wina kumbuyo. A Casimiro ankapukuta misozi akuseka. Danilo anakhala pansi nkhope itagwa ndi manyazi, koma mayi ake anangomusisita pabondo osamuyang'ana.

Atambala anagonja eyiti kwa fili.

Anthu akubalalika, a Casimiro sanalowere kumsewu waukulu. Anawatsogolera kuseri kwa bwalo, pa kageti kachitsulo kotulukira osewera.

"Tikudikira chiyani pano?" anafunsa Marbelí.

A Casimiro anayankha kuti, "Ine ndazolowera, mwanangu. Timu ikapambana, bambo ako ankapita kunyumba molunjika. Ankati wopambana ali ndi abale ambiri, safuna Heriberto. Koma ikagonja ankaima apa, pamthunzi wa mtengowu, mpaka atuluke onse. Aliyense ankamugwira chanza. Amene amutukwana kwambiri ndi amene ankachedwa naye."

"N'chifukwa chake chakudya chinkazizira," anatero a Doña Chilo motsitsa. "Ine ndinkayesa amapita kukamwa."

Geti linatseguka. Woyamba kutuluka anali woponya mpira uja, chikwama paphewa, maso ali pansi. Atafika pamtengo anachepetsa liwiro, dzanja lake lamanja litayamba kale kunyamuka. Ataona kuti pamthunzipo palibe munthu, analibweza msanga n'kulipisa m'thumba. Anzake kumbuyo kwake anaima, mzere wonse osadziwa chochita.

Marbelí anafuna kusuntha, koma Danilo anali atadutsa kale. Anaima pamthunzipo, anakonza kolala ya malaya ake akuda, n'kutambasula dzanja.

"Mwasewera zonyansa," anatero.

"Tikudziwa, bwana," anayankha woponya mpirayo.

"Sabata yamawa mukusewera ndi ndani?"

"A kunyanja. Ndi ovuta."

"Ndiye kadyeni mokwanira."

Anamugwira chanza mwamphamvu, kenako wotsatira, kenako wina. Analipo oposa makumi awiri, ndipo dzuwa linali likuwotcha, koma a Doña Chilo anakana kupita pamthunzi wa khoma. Anatsegula ambulera yawo, anamukokera Marbelí pafupi, n'kudikira mpaka Danilo atagwira dzanja la munthu womaliza, amene anali wonyamula madzi.