Nkhungu pa Kolala ya a Gideon

Mu 1979, ndikugwira ntchito yocheka mitengo ya labala, mayi Magdalena a ku Bandawe anandibweretsera kope la malemu bambo awo, a Overtoun. Anali atamva kuti kusukulu yamadzulo ine ndimalemba zooneka bwino, ndiye amafuna ndiwakopere mbiri yomwe inali m'kopemo kuti ikawerengedwe pa tsiku loika mwala pamanda.

"Koma tsamba ili mulidumphe, ada Oscar," anatero ataloza. "Ndiling'amba. Likuwanyozetsa agogo."

Masiku amenewo pepala lolembedwa anthu ankaliopa, choncho sindinatsutse. Ndinangopempha sabata imodzi.

A Overtoun analemba za ubwana wawo. Bambo awo, a Gideon, anali mkulu wa mpingo. Lamulungu panyumbapo kunalibe kuimba mluzu, kuthyola mango, ngakhale kuyang'ana kunyanja. Koma mwanayo mtima unali kunja. Tsamba lililonse analiyamba ndi mphepo ya tsikulo, kenaka mbalame zomwe anaona.

Tsamba loletsedwalo linati: "Mphepo inali yochokera kumapiri. Nkhungu inaima pamadzi ngati utsi. Ndinazemba mbandakucha kupita kumiyala ya kugombe kukaiona. Pakhomo pa tchalitchi bambo anaipeza m'tsitsi mwanga, nandikwapula anthu akuona. Akukweza ndodo ndinaona nkhungu pa kolala ya jekete lawo."

Ine ndine wa ku Dedza. Nkhungu, tizilombo touluka tija totuluka m'nyanja, ndinkangoidziwa itaumbidwa, pamsika. Ndinawerenga tsambalo katatu, kolalayo osandichoka m'mutu.

Loweruka masana ndinawapeza mayiwo akuyanika chinangwa chonyika.

"Ama, ndili ndi funso lachibwana. Nkhungu imafika kutchalitchi?"

Anaseka. "Anthu a kumapiri inu! Imafika mpaka mkamwa mwa abusa. Bola mphepo ichoke kunyanja."

"Nanga ikachoka kumapiri?"

"Imakankhidwira kumadzi. Ukaifuna utsikire kumiyala ndi dengu lako." Anapukuta manja pachitenje. "Mukufuna kuyamba geni?"

Ndinatsegula kope ndi kuwawerengera mzere woyamba, kenaka wa kolala uja.

Anakhala pamwala. Nkhuku inayamba kujompha chinangwa, iwo osaiingitsa.

"Werenganinso."

Ndinawerenganso.

"Ndiye kuti nawonso anali kumiyalako," anatero pang'onopang'ono. "Lamulungu! A Gideon, amene anandilanda chipeso chifukwa ndapesa pa Sabata!"

"Mwina anapita kukafuna mwana," ndinatero. "Sindikudziwa."

"Akanamugwira komweko. N'kudikirira pakhomo pa tchalitchi bwanji?" Anatenga kope, nayang'ana tsambalo ngakhale maso awo sankaonanso zilembo. "Ayi. Aliyense anali kuseri kwa mwala wake, akuyang'ana chinthu chimodzi. Ndipo bambo anga anazisunga zaka zonsezi."

"Bambo anu sanawatchule a Gideon kuti ndi achinyengo. Sanawatchule kanthu. Angolemba kolala."

"Akulu a mpingo akamva, ati chiyani?"

"Ena amva ndodo yokha. Inenso ndinamva ndodo yokha kawiri."

Anaingitsa nkhuku tsopano, nandibwezera kope.

"Koperani lonse. Koma za mphepozo mulembe zilembo zikuluzikulu, wowerenga asazimeze."

Ndikunyamuka anandiitananso.

"Ada Oscar, mwezi ukafa mubwere mmamawa. Mukaione nkhungu ikutuluka, musamangokopera za eni."