Yosefe wa ku Nkhulambe

Pa sewero la Khrisimasi m'tchalitchi cha ku Nkhulambe, Eneya anali Yosefe, Lily anali Mariya, ndipo m'lichero munagona khanda lenileni la mlongo wa Eneya. Asilikali a Herode amayenera kulowa ndi timitengo ta nandolo, koma Nickson, amene Lily anamukana, analowa ataledzera, chikwanje chili m'manja.

"Iwe Yosefe, umutalikire Lily wanga," anatero.

Anakankha benchi, lichero linapendekeka. Eneya anadziponya pamwamba pa khandalo ndipo chikwanje chinamutema paphewa. Mpingo unawomba m'manja poyesa ndi sewero, mpaka magazi anayenderera pansi.

Azibambo atamugwetsa Nickson, Eneya anamva khandalo likulira pachifuwa pake, lamoyo. Ananong'ona, "Ambuye, kani munabwera muli ofooka chonchi."