Buku la Thanthwe

Tsiku loika maliro a Philip kunacha ndi chiperoni, ndipo minda ya tiyi ya kutsidya kwa mtsinje sinkaoneka n'komwe. A Teleza, mkazi wa malemuwo, anakhala pamphasa m'siwa, kumutu kwa bokosi, pomwe namfedwa amayenera kukhala. Amayi ankalowa, kulira pang'ono, n'kupeza pokhala. Kwa a Teleza misozi inali isanabwere. Mtima wawo unali pa dengu lakale lothyolera tiyi limene linali kuchipinda, ndi pa buku limene anabisa pansi pa zitenje m'dengumo.

Bukulo a Philip analitola kalekale, akuyendetsa thirakitala yonyamula tsamba kupita ku fakitale. Kalabu ya mabwana a pa esiteti inkataya mabuku akale, ndipo amayi ogulitsa mandasi anali ataunjikana kale kusankha mapepala okulungira. A Philip anatenga lalikulu kuposa onse, lolemera ngati njerwa. Linali la Chingerezi, lofotokoza mbiri ya nyimbo za magitala zimene azungu amati roko ndi popu: momwe zinayambira, amene anazitchukitsa, ndi amene zinawapititsa kumanda msanga. M'kati munali zithunzi za amuna a tsitsi lofika m'mapewa, ena osavala malaya, ndi akazi ovala zinthu zoti sungazitchule pamaso pa apongozi.

Achinyamata a masiku ano sankadziwa kuti a Philip, asanalowe mpingo, ankaimba gitala m'bandi ya pa esiteti. Mwezi ukatha holo inkadzaza mpaka m'mawindo, ndipo kumeneko ndi komwe a Teleza anawaonera koyamba, atavala buluku lotambalala kumapazi. Atalowa mpingo gitala anagulitsa, popeza mpingo wawo suonana ndi nyimbo zachikunja. Buku lokhali ndi limene linawakanika kutaya.

A Teleza analisokera chikuto cha nsalu yakuda kuti ana awo, Lisa ndi azing'ono ake, asamaone zithunzi za pamwamba. Koma nsalu imatha, ndipo kumsana kwa bukulo liwu limodzi la zilembo zagolide linayamba kusuzumira. Tsiku lina a Olivia, mlembi wa amayi a mpingo, amene Chingerezi chawo cha Sitandade 8 sanalole kuti chichite dzimbiri, anapeza a Philip akuwerenga pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Rock ndi thanthwe," anatero a Olivia atawerama kuti aone bwino. "Ndiye kuti mukuwerenga za Thanthwe lathu, Ambuye Yesu. Bambo inu ndinu odala."

A Philip sanavomere, komanso sanakane. Anangotseka bukulo n'kufunsa za ana kunyumba. Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva, ndipo dzina loti a Thanthwe linawakakamira mpaka kumwalira. Bodza limene sunanene wekha silivuta kusenza, moti a Philip analisenza zaka zonsezi osapepukidwa nalo m'maso. Masana a Lamulungu ankakhala pansi pa mtengo uja, magalasi ali pamphuno, chala chakuphazi chikugunda pansi pang'onopang'ono. Odutsa ankatsitsa mawu kuti asasokoneze munthu wa Mulungu.

Chimene a Teleza ankaopa anachiona ndi maso awo chaka chatha. A Stafford, mnzawo wa a Philip wa m'bandi muja, anamwalira atangoimbako gitala pa ukwati wa mdzukulu wawo. Akuluakulu anagamula kuti afera kunja kwa mpingo, ndipo kwaya sinabwere. Anthu anapita kumanda mwakachetechete, kumangomveka mapazi ndi makasu a adzukulu okumba manda. Mkazi wawo, a Rhoda, anayenda kumbuyo kwa bokosi nkhope ili pansi. Amene analimbikira chigamulocho anali a Edson, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka ndi tchimo. Kale iwowo ndi amene ankaimba ng'oma m'bandi yomweyo, koma nkhani imeneyo palibe ankayerekeza kuitchula. A Teleza ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti amuna awo aperekezedwe ndi nyimbo.

Dzuwa litayamba kuboola chiperoni, abusa anafika pa njinga yamoto kuchokera ku Makwasa. Anali wachinyamata, watsopano m'derali, wokonda mabuku komanso waulemu. Anagwada pakhomo pa siwa n'kupepesa mwakachetechete.

"Amayi, ndamva za buku la a Thanthwe," anatero. "Ndikanakonda nditawerengako ndime imodzi polalikira, anthu amve zimene zinkawadyetsa bambowa."

"Sindikudziwa komwe analisiya, abusa," anayankha a Teleza akuyang'ana mphasa.

"Musavutike, amake Lisa," analowerera a Olivia. "Ndaliona m'mawa ndikufuna chitenje choyala pathebulo. Lili m'dengu."

Anthu othandiza amapha. A Olivia anadzuka n'kulowa kuchipinda, ndipo a Teleza sakanatha kuwatsatira. Namfedwa sadzuka pamphasa thupi lili m'nyumba, makamaka kukalimbirana katundu. Anangomva kukwekwesa kwa dengu, kenako anaona a Olivia akutuluka atanyamula bukulo ndi manja awiri ngati mbale ya mgonero. Mantha anawagwira a Teleza. Abusawa Chingerezi ankachidziwa bwino, ndipo ngakhale akanakhala osachidziwa, zithunzi sizifuna womasulira.

Koma mumpingo mwawo chinthu sichichoka m'manja mwa mayi kupita kwa abusa mwachindunji. Chimadzera kwa mkulu wa mpingo. Motero a Olivia anadutsa abusa, napita pabenchi ya pansi pa mtengo wa mapeyala pomwe panakhala amuna, nagwada pamaso pa a Edson. A Teleza ankaona zonse kudzera pakhomo, ndipo mumtima anati bola likanapita kwa abusa, mwina akanachita manyazi n'kukhala chete.

A Edson anapukuta magalasi awo ndi mpango. Anaika bukulo pamiyendo, natsegula pakati, chikuto chakuda chitatchinga amene anakhala pambali. Nkhope yawo sinasinthe. Anatembenuza tsamba, kenako lina, kenako anabwerera mmbuyo n'kukhalitsa pamalo amodzi. Amuna a pabenchi analeka nkhani zawo za mtengo wa feteleza podikira kuti akulu amalize kusinkhasinkha. Abusa anafika pafupi atatambasula dzanja, ndipo dzanjalo linakhala m'malere mpaka anachita kulibweza n'kukonza tayi.

"Buku ili ndikulidziwa, abusa," anatero a Edson potsiriza, akulitseka. "Zimene zalembedwamo, ine ndi malemuwa tinazidutsamo tili anyamata. Si za kuwerenga pagulu."

"Ngakhale ndime imodzi, akulu? Kapena tilisunge kutchalitchi, achinyamata azipindula nalo."

"Achinyamata ali ndi Baibulo, liwakwanira. Kwathu kuno munthu amapita ndi chimene ankachikonda. Mlimi ankapita ndi khasu lake. Awa apite ndi buku lawo."

Abusa anali watsopano, ndipo mlendo satsutsana ndi mwini mudzi pa nkhani ya maliro. Anavomera ndi mutu. A Olivia anadandaula chamumtima kuti chuma chotere chikukwiriridwa, koma anatonthozedwa pomva amayi ena akuti zimenezi ndiye ulemu weniweni.

Nthawi yoona nkhope itakwana, a Edson analowa m'siwa okha atanyamula bukulo. Analiika pachifuwa cha a Philip, nalowetsa kumsana kwake pansi pa dzanja la malemuwo kuti zilembo zagolide zibisike. Sanawayang'ane a Teleza. Anangonena m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti zatha, ndipo anatuluka kukauza akwaya kuti ayambe.

Kwaya inaimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda, kudutsa njira ya m'mphepete mwa tiyi, pomwe othyola tsamba anaima madengu ali kumsana mpaka bokosi litadutsa. Abusa analalikira za nyumba yomangidwa pathanthwe, ndipo dzina la a Philip linatchulidwa kangapo monga chitsanzo. Anthu anavomereza. A Teleza anapeza zimene ankafuna, zonse, popanda chochotsera. Anamva mtima ukutsika, ndipo anathokoza.

Adzukulu atayamba kutsitsa bokosi, kwaya inatenga nyimbo yodekha, yokoka mawu. A Edson anaima kumutu kwa manda, Baibulo atalipanira pachifuwa, maso atatseka. A Teleza anaona zala za a Edson zikugunda pachikuto. Sizinkatsata nyimbo ya kwaya. Zinkathamanga, kudumpha, n'kubwerera, mmene zinkachitira m'holo muja mwezi ukatha, pamene a Philip ankawerama ndi gitala lawo n'kuwayang'ana a Teleza pakati pa anthu onse aja. Apa m'pamene misozi inabwera, ndipo amayi awiri anawagwira m'mapewa.

A Teleza atapukuta m'maso anaona a Rhoda, mkazi wa a Stafford, ataima tsidya lina la manda pakati pa amayi a mpingo. A Rhoda anabwera m'mamawa, anatunga madzi, anaphika, ndipo njira yonse anaimba mokweza kuposa aliyense. Nawonso anali mtsikana wa m'holo muja. Tsopano maso awo anali pa zala za a Edson, ndipo pakamwa pawo panali patatsekeka. Anayang'ana zalazo, anayang'ana bokosi, kenako anayang'ana a Teleza.

A Teleza anachita manyazi, manyazi oposa amene ankawaopa m'mawa uja, koma nyimbo sakanaibweza. Kusiyana kwa amuna awo ndi a Stafford kunali nsalu yakuda imene iwo anasoka ndi manja awo. Kwaya inapitiriza mpaka dothi linadzaza, ndipo a Rhoda sanaimbenso.