Chimake cha Kumanja

"Usasuzumire! Ndati tseka maso, mwana iwe," anatero a Mifleh uku akufufuza pansi pa tebulo lawo logwirirapo ntchito.

Tahani anatseka maso. Anali atangotsika basi yochokera ku Amman, komwe anamaliza maphunziro aupolisi, chikwama chikadali paphewa. Ngakhale kunyumba anali asanafike. Bambo akewo anamukokera kaye m'kashopu kawo ka mumsika wa m'tauni yakwawo ya Salt, momwe ankasokera malamba, zishalo za akavalo ndi zimake za mfuti kuyambira iye asanabadwe. Fungo la m'menemo linali lomwe lija la chikumba, phula ndi khofi.

"Tsegula tsopano."

Patebulo panali chimake cha mfuti yam'chiuno, chachikumba chakuda, chosalala mochititsa kaso. Ulusi wake unayenda mumzere wosakhota ngakhale pang'ono, ndipo m'mphepete anadindamo dzina la Tahani. Mtsikanayo anachinyamula, n'kuchitembenuza. Chimakecho chinali chovala kumanja.

"Bwanji wangoti zii? Sichinakukomere?" anafunsa bambo ake.

"Chakongola, ababa. Chakongola zedi."

Sananame ayi, koma sananene zonse. Tahani anabadwa wamanzere. Ali kamwana, bambo akewo ankati akamuona akutambasulira dzanja lamanzere m'mbale ya mansafu, mpunga wa nyama ya nkhosa umene aliyense amadya ndi dzanja lamanja lokha, ankachita manyazi ngati wawavula pagulu. "Kuwongola mtengo m'poyamba," ankatero, ndipo ankatenga kachingwe kachikumba n'kumumangirira dzanjalo kumbuyo mpaka chakudya chithe. Sanali munthu wankhanza. Ankangoopa kuti mwana wawo mmodzi yekhayo adzasekedwa kwa eni. Tahani anaphunzira kudya, kulemba ndi kulandira kapu ya khofi ndi dzanja lamanja, ndipo a Mifleh anakhulupirira kuti nkhaniyo inatha kalekale.

Koma dzanja silimva uphungu. Kusukulu yaupolisi, Tahani ankaphonya chandamale mochititsa chisoni, mpaka mphunzitsi wake atamuona akuwakha makiyi ndi dzanja lamanzere, anamuuza kuti asinthe mbali. Kuyambira tsikulo palibe mnzake anamuposa. M'chikwama chake munali chimake chapulasitiki chovala kumanzere, chimene anayenera kuyamba nacho ntchito m'mawa mwake.

"Ha! Wafika msilikali wathu!" Mawuwo anachokera pakhomo. Anali a Awwad, mwini shopu yoyandikana nayo, amene ankagulitsa zikwama zanayiloni, matochi ndi zimake zapulasitiki. Iwo ndi a Mifleh anakhala akunyozana zaka zambirimbiri, koma khofi ankamwera limodzi tsiku lililonse. "Abu Tahani, wamupatsa kale mphatso ija? Mwana wa masiku ano ukumuveka ng'ombe yakufa m'chiuno?"

Anthu ankawatchula a Mifleh kuti Abu Tahani, bambo a Tahani, poti analibe mwana wamwamuna, ndipo eni akewo ankanyadira dzinalo.

"Ng'ombe yakufa ndi iweyo," anayankha a Mifleh. "Zako zija ndi zidebe zosungunula. Munthu akamayenda zimalira khwakhwakhwa ngati wanyamula mbale, wakuba n'kumvera patali."

"Koma thukuta sizimwa. Chako chikanyowa chimanunkha mbuzi, ndipo mfuti imachita dzimbiri. Changa umangopukuta ndi kansalu, basi. Komanso chili ndi loko. Wakuba akoke mpaka atuluke thukuta, mfuti siituluka."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Kukazizira chimathetheka. Chikumba chimaphunzira thupi la mwini wake, chimakalamba naye limodzi."

"Ee, chimakalambadi, n'kuyamba kulobodoka pakamwa ngati iweyo."

A Mifleh anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anavala kansalu kawo kakumutu. "Ndikaone ngati Saqer wogulitsa nyama uja wapha kale nkhosa ija. Lero kuli mansafu, ndipo iwe Awwad ubwere, koma usanyamule zidebe zako. Tahani, usachoke. Ndikabwera tichiyese."

Atangotuluka, Tahani anakhala pampando ngati munthu wotula katundu wolemera. Anayesa kugunditsa chimake chija kumanzere kwa chiuno chake. Chogwirira cha mfuti chikanaloza kutsogolo, chagada. Panalibe kuchitira mwina.

A Awwad anamuyang'ana, nkhope yanthabwala ija itachoka. "Sunawauzebe?"

Tahani anadzidzimuka. "Kuwauza chiyani, amalume?"

"Iwe, ine ndinakuona ukukula. Galasi la shopu yanga unaliswa ndi mwala wochokera dzanja liti? Msika wonse ukudziwa. Osadziwa ndi bambo ako okha."

"Ndiye nditani? Mwaona mmene asangalalira."

A Awwad anatsitsa mawu. "Chikumba chimenechi anachisunga kuyambira mayi ako ali moyo, ankati n'cha ntchito yapadera. Maso akewo akutha, mwana wanga. Singano ndimamulowetsera ulusi ndine, koma usamuuze kuti ndakuuza. Wasoka chimenechi mochita kupapasa, akubaya zala, akumasula, akuyambiranso. Ine ndikanakhala iwe, ndikanavala chachikumbachi pochoka pakhomo, ndikafika kuntchito n'kusintha. Ndani angadziwe? Bodza lina ndi mankhwala."

Tahani anaona kuti nzeruyo ndi yabwino. Kuntchito ankaloleza chimake chilichonse chakuda chokhala ndi chomangira, choncho bambo ake sakanakayika kanthu. Koma kuvala mfuti mbali imene dzanja lake silifulumira, zimenezo ayi. Wapolisi wochedwa kusolola amasiya amasiye, ankatero mphunzitsi wawo. Anatsimikiza mumtima kuti adzichita zomwe a Awwad ananenazo: kunyumba chikumba, kuntchito pulasitiki.

Anaiwala chinthu chimodzi, khalidwe la bambo ake pantchito. M'shopu ya a Mifleh simunkatuluka chimake mwini wake asanachiyese iwo akuona. Anali ndi mfuti zamtengo zosema okha, iliyonse yofanana ndendende ndi yeniyeni, zimene ankaumbirapo chikumba chonyowa. Munthu ankavala lamba, kuimirira pakati pa shopu, n'kusolola mfuti yamtengoyo mpaka iwo atakhutira. Akuluakulu a ndevu zoyera anaimirirapo pamenepo ngati ana asukulu. Nanga mwana wawo akanathawa bwanji?

A Mifleh anabwerera akupukuta manja. "Nyama yake ndi yonona, mafuta okhaokha. Tiye, vala lambayu."

Anamuveka okha, n'kulowetsa mfuti yamtengo m'chimake, n'kumanga kalamba kake kapamwamba. Kenaka anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno.

"Solola. Awwad, penyetsetsa uphunzire."

Tahani anatsitsa dzanja lamanja. Chala chachikulu chinasakasaka kalamba kaja, kukapeza mochedwa, ndipo mfutiyo inatuluka mokhota, n'kukodwa m'malaya.

"Mantha amenewo," anatero a Mifleh. "Bwerezanso."

Anabwereza. Ulendo uno mfuti inamupulumuka n'kugwa pansi, gwa! Inagubuduzika mpaka pamapazi a a Awwad. A Awwad anaitola n'kumubwezera Tahani.

A Mifleh anasendera pafupi. Anapapasa chimake chija, kulowetsamo zala, kuchiyandikiza kumaso kwenikweni. "Chathina," anatero. "Ndachiumitsa msanga. Ndichinyowetsenso."

"Sichinathine, ababa."

"Ndiye ndi kalambaka. Ndakaika patali ndi chala." Anakakoka kalambako ndi zala. "Kale sindikanalakwitsa zoterezi. Ndinkangomuyang'ana munthu kamodzi, basi. Awwad, ukunena zoona, m'bale wanga. Ndakalamba. Manjawa atha ntchito."

"Aa, iwe, ine ndimangocheza," anatero a Awwad.

Koma a Mifleh anali atavula kale chimakecho pa lamba. Anachigoneka patebulo n'kutenga mpeni wawo wopindika uja. "Ndidule kalambaka, ndisokenso. Chikakanika ndichitaya. Mwana wanga sangapite kumsewu ndi chinthu chomuchedwetsa."

Mpeni utangokhudza ulusi, Tahani anawagwira mkono. Anawagwira ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu, mosaganiza n'komwe.

"Musadule, ababa! Chimakechi chilibe vuto. Manja anu sanalakwe kanthu."

"Nanga chavuta n'chiyani?"

Tahani anaona kuti kunama kwake kukanawasiya bambo ake akukhulupirira kuti luso lawo lafa, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mkwiyo wawo.

"Ndine wamanzere, ababa. Sindinasiye. Ndimadya ndi lamanja, ndimalemba ndi lamanja, monga munandiphunzitsira. Koma mfuti ndimagwira ndi ili."

Kunja wogulitsa nkhuyu ankakuwa mtengo wake, ndipo bulu wa winawake ankakana kukwera masitepe. A Mifleh anayang'ana dzanja limene linawagwira, kenaka anayang'ana a Awwad.

"Iwenso umadziwa?"

A Awwad anakanda m'mutu. "Galasi langa lija, Abu Tahani..."

A Mifleh anaika mpeni pansi pang'onopang'ono. "Ndiye kuntchitoko ukavala chiyani?"

Tahani anatsegula chikwama n'kutulutsa chimake chapulasitiki. Ankachita manyazi ngati akuonetsa chinthu chakuba.

"Vala," anatero bambo ake. "Ndione."

Anachivala kumanzere. Mfuti yamtengo inalowa n'kulira kuti kha, loko yagwira. Tahani anaimirira pakati pa shopu, mapewa atawongoka okha. Bambo ake anagwedeza mutu, ndipo asanamalize n'kugwedezako, mfuti inali kale m'mwamba, italoza kukhoma, dzanja lili nji osanjenjemera.

"Bwereza."

Anabwereza, ndipo zinali chimodzimodzi. A Mifleh anaona anthu ambiri akusolola mfuti pamalo amenewo, koma wachangu chotere anali asanamuonepo. Anayandikira, nagwira chogwirira cha mfutiyo ili m'chimake, n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse. Siinatuluke. Anakokanso mpaka Tahani anadzandira. Siinatuluke.

"Hm," anatero. "Chidebe chako chimagwira, Awwad."

Likanakhala tsiku lina, a Awwad akanathamanga msika wonse kulengeza mawu amenewo. Tsikuli anangoyang'ana pansi.

A Mifleh anakhala pampando wawo. Anatenga chimake chachikumba chija n'kumachisisita ndi chala. Atayankhula, mawu awo anali apansipansi.

"Munthu aliyense wolowa muno ndimayamba ndamufunsa kuti, bwana, mumagwira ndi dzanja liti? Mlendo ndimamufunsa. Mwana wanga sindinamufunse. Safunsa anadya phula." Anapukusa mutu. "Ndipo ukanavala changachi kuti undisangalatse, tsiku lina munthu woipa n'kukuyambirira, ine ndikanati ndani wandiphera mwana?"

"Ndimaopa kukukhumudwitsani, ababa."

"Ndakhumudwa kumene. Ukuganiza kuti ndine mwala? Koma kukhumudwa sikupha munthu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kansalu kawo. "Mawa uvale chapulasitikicho. Ukadzaona kuti ndi chimene chikukusunga bwino, uzivala chomwecho, usamve za nkhalamba. Wamva?"

"Ndamva."

Tahani anafuna kutenga chimake chachikumba chija kuti akachisunge, koma bambo ake anachiika pashelefu yapamwamba. Kenaka anawerama, n'kusolola pansi pa tebulo chikumba chotsala. Chinali chochepa, chongokwanira chimake chimodzi ngati wodulayo salakwitsa. Anachiyala, n'kutenga choko.

"Imirira apo. Wongoka. Gwetsa dzanja momwe limagwera lokha."

Tahani, mwa chizolowezi cha zaka zonse pamaso pa bambo ake, anagwetsa lamanja.

"Ayi," anatero a Mifleh. "Linalo. Lomwe ndinkamanga lija."

Anagwetsa lamanzere. Bambo ake analigwira ndi manja awo okhakhala, kuliyeza kutalika kwa zala, kuona pamene chala chachikulu chikufika, n'kulemba kachizindikiro pa lamba. Analigwirabe kanthawi atamaliza kuyeza.

"Kodi cha wamanzere chimavuta kusoka?" anafunsa a Awwad, pofuna kungotsegula pakamwa.

A Mifleh anatenga kapepala kolimba kamene anadulira chimake choyamba chija, n'kukagoneka pachikumba monga ankachitira nthawi zonse. Anakayang'ana. Kenaka anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kukatembenuza.

"Basi," anatero. "N'zokhazi. Kungotembenuza pepala."

Anatola singano, n'kuitambasulira kwa mnzawoyo poyera, mwana wawo akuona. "Awwad, tandilowetsera ulusi."