Kakhomo ka Azimayi

Lolemba limenelo Persa anali atakonza kale zochita: kuchapa matewera a mwana wake Dara, kukanda ufa wa buledi, kutunga madzi pampope wa kumzikiti, kenako kuteleka nyemba. Anangofika pa matewera. Kumunsi kwa Sarajevo kunkamveka magalasi akusweka, ndipo phokosolo linkakwera mtunda.

Dzulo lake mnyamata wina Mserbia anali atawombera wolowa ufumu wa Austria ndi mkazi wake pafupi ndi mlatho. Tsopano gulu linkayenda khomo ndi khomo kusaka Aserbia.

Persa anapeza mwamuna wake, Risto, akukhoma chidendene cha nsapato ngati kunja kuli bata.

"Bambo a Dara, tsitsani chikwangwani chija. Zilembo zathu za Chiserbiazo zitiphetsa."

"Nditsitse dzina la bambo anga? Austria anameza dziko lino osafunsa munthu. Lero fupa lamuima pakhosi, wobisala ndikhale ine? Angoyerekeza kukhudza Serbia, Rasha adzuka."

"Akadzuka?"

"Jeremani aimirira Austria, Falansa aimirira Rasha. Aliyense ali ndi mkulu wake, ndipo mfuti anagula kalekale. Amangodikira chifukwa."

"Nanga Rasha wanuyo afika pano asanafike awa? Awatu ali pa ngodya. Nkhuyu wadya mwana wa eni, zikupota ife."

Mwala unaboola zenera n'kugwera pa zikopa. Risto anaponya nyundo pansi. Persa ananyamula mwana, n'kukokera mwamunayo kuseri.

Pakhoma losiyanitsa bwalo lawo ndi la aneba awo Achisilamu panali kakhomo ka azimayi, kodutsira pokabwereka mchere kapena moto. Persa anagogoda ndi phazi. Anatsegula a Nafija, mayi wamkulu wa pakhomopo.

"Lowa, mwanawe, msanga!" Analandira Dara. Ataona Risto, anatchinga khomo ndi mkono. Bwalo limenelo linali la akazi, ndipo mwamuna wachilendo anali asanapondemo.

"Persa, mwambo ukuudziwa. Ana anga aakazi ali pabwalo pano, nkhope zili poyera. Amuna anga a Salko akamva andipitikitsa."

"Mayi, amupha."

"Athyola zinthu basi, sapha munthu."

"Mwawaona inu? Ndibwezereni mwanayo, tikafere pamodzi kwathu."

Kumaso kwa nyumba ya Risto chitseko chinagwa. A Nafija anayang'ana mwana, anayang'ana Risto, natukwana chapansipansi. Anabwezera Persa mwanayo, anathamangitsira ana awo m'nyumba, n'kuvula nsalu yawo yaikulu yofunda potuluka panja.

"Weramani, aneba. Khalani apo pa nkhuni. Musatsokomole, chifuwa chanucho n'chachimuna. Ndipo bisani mapazi, palibe mkazi ali ndi makasu otere."

Risto, amene ankadzutsa maufumu ndi pakamwa, anakhala chonyonyomala pansi pa nsalu. Persa ankaona nsaluyo ikugwedezeka. Kuseri kwa khoma mbale zinkasweka, anthu akuimba nyimbo ya mfumu yaikulu ya Austria. Nthenga za m'mapilo zinawoloka khoma n'kumagwera pa mutu wa Dara.

Mwadzidzidzi kakhomo kanatseguka ndi chidendene. Anasuzumira mwamuna wogwira nkhwangwa, thukuta lili kamukamu. Maso ake anaima pa nsalu ija.

"Uyo ndani?"

"Ndi apongozi ako!" anakuwa a Nafija. "Iwe si mwana wa Hamdija? Wafika posuzumira akazi a eni? Bwera udzavundukule, tione ngati udzapondenso mumzikiti!"

Munthuyo anagwetsa nkhope, nabwerera chammbuyo. Persa anazindikira kuti wakhala akufinya mwana mpaka kumuliza.

Madzulo Persa anawerenga zomwe zapita: mazenera onse, mapilo aukwati wake, mbale, zikopa, ndi zida za Risto, zimene anazitola m'ngalande zili zopindika. A Salko atamva anakhomera kakhomo misomali, ndipo a Nafija anakhala kwa mchimwene wawo mpaka nthuza zitapsa. Patatha mwezi Austria analengeza nkhondo pa Serbia. Rasha anadzukadi, enawo n'kutsatira. Risto anamuveka yunifolomu ya Austria n'kumukweza sitima. Persa anatsala ndi mwana komanso nsapato za eni zosatha kusoka, ndipo anayamba kuphunzira kukhoma zidendene.