Kombi ya Malemu Che Wadi

"Apa simunapale bwino," anatero Shamima, akuyendetsa chala pa chitseko cha kombi. "Tagwirani nokha. Mabampu okhaokha ngati msewu wa ku Makanjira."

Mwamuna wake Latifu anatsitsa kansalu kamene anamanga kukamwa, nalavula malovu ofiira ndi fumbi la dzimbiri. Dzuwa la Okutobala linali litamuwamba kuyambira m'mawa, zala zake zitasupuka ndi sandipepa.

"Mayi a Sumani, mwasanduka foromani liti? Penti ikabwera zonsezi zibisika."

"Ine sindifuna zobisa. Palaninso mpaka chitsulo chiwale."

Latifu anaseka, n'kugwadanso. Shamima anamuyang'ana pankhongo pamene thukuta linkayenderera, ndipo mtima wake unamva kukoma.

Kombiyo inali ya malemu Che Wadi, bambo ake a Shamima, ndipo anamusiyira mwana wawoyo abale onse akumva. Kale inkanyamula nsomba kuchoka ku Nkhudzi kupita ku Limbe, Shamima ali kamtsikana kogona kumbuyo pakati pa madengu. Mwini wake atatisiya, galimoto inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo. Pansi panabooka poti mwendo n'kulowa. Latifu, amene anabwera pamudzipo ngati mkamwini, chikwama chimodzi atachimanga pa njinga, ndiye anati aidzutse kuti mkazi wake azikagulitsa yekha nsomba kutauni. Shamima anasangalala zedi. Anagwira sandipepa ndi manja ake mpaka zikhadabo zinatha, nagwirira malata pamene wowotcherera ankatseka mabowo, moto ukumuthethekera pa chitenje.

Nkhani inamupeza pa msika wa pa boma. Mnzake Tatu, wogulitsa tomato wochokera ku Chowe, anamukokera pambali.

"Iwe, ndiye wamuvomera mnzako mwakachetechete chonchi?"

"Mnzanga uti?"

"Aa, usandiuze kuti sukudziwa! Shakila, mwana wa a Sadik kwathu kuja. Amuna akowo akuuza mudzi wonse kuti kombi ndi yawo. Ukwati wa nikaa ukangochitika, galimoto izikagona konko, izinyamula anthu a ku Namwera. Ndi penti yomwe wasankha ndi mtsikanayo. Akuti yachikasu."

Tsiku lomwelo Latifu anafika ndi zitini za penti. Shamima anali atanena kalekale kuti akufuna yabuluu, monga inalili bambo ake ali moyo. Anatsegula chitini chimodzi n'kusuzumiramo. Chikasu chenicheni.

"Yabuluu yasowa m'mashopu monse," anatero Latifu, maso ali kwina.

Mitala siinamupweteke kwenikweni Shamima. Chipembedzo chimalola, ndipo mayi ake omwe anakhalapo ndi mnzawo mpaka kukalamba. Chinamuwotcha pamtima n'chakuti zikhadabo zake zinathera pa galimoto yokakwera mkazi wina, galimoto ya bambo ake, iye osauzidwa ngati mbuzi ya pakhomo. Anaganiza zotenga parafini ndi machesi. Anaganizanso zotenga munsi n'kuswa magalasi onse. Koma atayang'ana kombiyo anaona kuti ntchito inali idakalipo yambiri: denga losapala, zitseko zakumbuyo zolendewera, mipando yong'ambika. Anatseka chitini chija bwinobwino.

"Chikasu n'chokongolanso," anatero.

Kuyambira pamenepo munthu sanaonepo mkazi wokoma mtima ngati Shamima. Tiyi wamkaka ankafika pa kombi asanaitanidwe, zitumbuwa zili pambali. Koma diso lake linakhala lakuthwa koopsa. Latifu akamata fila, phala lotsekera mabowo, pa dzenje, iye ankagogoda ndi chala n'kunena kuti mkati mukumveka mphako, achotse ayambirenso. Akapopera penti yoyamba, ankaloza pamene yayenderera. Anamukwezetsa padenga masana dzuwa lili pamutu. Anamutumiza ku boma kukatenga makaniko wa injini, kenako telala wa mipando. Latifu anawonda, msana n'kumamuwawa, nagulitsa ndi foni yake yapamwamba kuti agule matayala. Kwa anzake pa bawo ankadzitama kuti mkazi womvetsa zinthu ngati wake kulibe.

Kombi inatha. Inawala moti ana ankabwera kudzadziyang'anirapo nkhope.

"Loweruka ndikaiyese pa chitunda cha ku Chowe," anatero Latifu. "Injini imadziwika pokwera."

"Mukaiyese ndithu," anayankha Shamima. Maliboni a ukwati amene anabisidwa pansi pa mpando anali atawaona kale.

Loweruka m'mawa Latifu anatuluka kubafa, navala mkanjo woyera ndi nsapato zatsopano, nadzithira mafuta onunkhira. Anafunafuna makiyi pa msomali, osawapeza. Atatuluka panja anamva injini ikulira kale. Pa chiwongolero panali a Jaffalie, mjomba wake wa Shamima, mlongo wa mayi ake, amene anakalambira pa malole. Kumbuyo amayi awiri ankakweza mabeseni a chambo cha pa ayezi, madzi akuchucha.

"A mjomba, salaam aleikum. Kodi zikutani pano?"

"Waleikum salaam, Che Latifu. Tikupita ku Limbe. Mwana wathuyu akuti galimoto yake yatha."

"Koma lero ndili nayo ntchito!"

"Ntchito yanji, bambo a Sumani?" anafunsa Shamima, atatsamira chitseko. "Nenani pamaso pa a mjomba. Mwina tingakuthandizeni."

Latifu anayang'ana uku ndi uku. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pa mpanda.

"Galimoto iyi ndavutika nayo ine," anatero pomaliza. "Taonani manja angawa!"

"Tawaona," anatero a Jaffalie mofatsa. "Mkamwini akafolera nyumba kuchikamwini, pochoka sasasula denga. Inu munabwera pano ndi chiyani?"

Shamima sanadikire yankho. Analoza pansi pa mtengo wa mango. Njinga ija inali itatsamira pamenepo, chikwama atachimanga kale ndi mphira, maliboni ali pamwamba.

"Za banja tidzakamba kwa ashehe," anapitiriza a Jaffalie. "Kukwatira kachiwiri palibe wakukanizani. Koma mukakwatire ndi zanu."

Latifu anatsitsa mawu, nayandikira mkazi wake.

"Shamima, lero lokha. Anthu akudikira. Apongozi aitana mudzi wonse kuti udzaone galimoto. Ndikafika bwanji pa njinga?"

"Mmene munafikira kwathu kuno."

Mmodzi wa amayi aja anatsetsereza beseni lachitsulo pa khomo la kombi, ndipo linakanda penti mzere wautali. Latifu anakuwa ngati wamuponda pa chilonda.

"Samalani! Mukuwononga penti!"

"Musiyeni," anatero Shamima. "Ndi penti yanga."

Anakwera kutsogolo, namenyetsa chitseko. Chinatsekeka kamodzi kokha, bwinobwino, pakuti mwamunayo anachikonzadi ndi mtima wonse. Kombi inatuluka pa mpanda pang'onopang'ono, ana akuithamangira.

Atafika pa msewu wa tala, a Jaffalie anamuyang'ana cham'mbali.

"Mwana wanga, ukadandiuza mwezi watha, tikadaithetsa nkhaniyi kalekale. Unkadikira chiyani?"

"Denga linali lisanathe," anatero Shamima.