Kasupe wa Kumunsi kwa Damu la Ba Lastone

Fakitale ya nsalu itatseka zipata, amuna a ku Kafue anamwazikana ndi mapakeji awo, ndalama zosiyira nchito. Ena anagula maminibasi, ena anagula mowa. Ba Lastone, omwe anali kapitawo wa onyika nsalu mu utoto, anagula dambo ku Shimabala, nabwereka buludoza, naunjika khoma la dothi kutseka kamtsinje. Mvula itadzaza damulo, anaikapo maboti awiri ndi mipando ya pulasitiki. Kuyambira pamenepo ankavala tayi ngakhale pokagula madeya a nkhuku, ndipo ankatembenuka msanga munthu akati Ba Dailekitala.

Paipi yotulutsira madzi sanaike. Ankati paipi ndi ya munthu wokayikira damu lake.

Akazi awo, Ba Clementina, sanapondeko. Amayi achikulire a m'komboni nawo sanapondeko, ndipo Ba Lastone ankati ndi nsanje. Sinali nsanje. M'dambomo ndi momwe amayi ochokera kummawa ankaika ana obadwa atafa kale. Mwana wotero saliridwa, sakhomeredwa bokosi. Amayi okhaokha amamunyamula m'chitenje, namuika posazama, ponyowa, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Woyamba wa Ba Clementina anagona pamenepo, m'tsinde mwa khomalo. Tsiku la buludoza Ba Clementina anangotseka pakamwa, monga amayi achikulire anawalangizira.

Alendo olemera a ku Lusaka sanabwere. Kunabwera achinyamata a mpingo watsopano wopempherera m'kalasi, ndi m'busa wawo Collins. Damulo analikonda chifukwa munalibe ng'ona: munthu ankabatizidwa n'kuvuuka ndi miyendo yonse. Komabe obatizidwawo sankachedwa m'madzimo. Ankati pansi pake pamazizira modabwitsa, ngakhale mu Okutobala. Achule sankaliramo.

Kenako m'tsinde mwa khoma munayamba kutuluka madzi, pang'ono, oyera mbee. Mlongo Favour anamwako nati zilonda zake za m'mimba zapola. Sabata lotsatira kunali mzere wa zigubu. Ba Lastone anauza aliyense kuti posankha malowo anamva chinachake mumtima.

Loweruka lina masana, Abusa Collins anafika ndi gulu lawo atanyamula makasu, kuti akuze kasupeyo, zigubu zizidzaza msanga. Anali atangotema kamodzi pamene Ba Clementina, atamva za makasuwo, anatsetsereka kuchokera kumsewu, ali ndi ufa m'manja. Anadutsa pakati pa oyimba, nakaima m'matopemo, patsogolo pa khasu.

"Mami, sendezaniko pang'ono, tigwire nchito ya Mulungu," anatero Collins.

"Apa simukumba."

Ba Lastone anathamangira, tayi ili pa phewa. "Bamake Jesse, ni chani manje? Zaka zonsezi mukana kubwera, lelo mwabwera kunichititsa manyazi pa makasitomala?"

"Onani manzi yanu, Ba Dailekitala."

Onse anayang'ana pansi. Madzi sanalinso oyera. Ankatuluka ofiirira, akutumphuka ngati phala, atanyamula dothi la m'kati mwa khoma. Pamwamba pa damu, pafupi ndi khomalo, tsamba linkazungulira lokha pamalo amodzi, kulibe mphepo.

"Yazayera futi," anatero Ba Lastone, koma mawu anatuluka ang'ono.

"Siyazayera. Chipupa chidyeka mukati. Chikagwa chizakokolola vonse vili pansi apa."

"Vili pansi ni vichani? Ni matope chabe."

Ba Clementina anapukuta ufa pa chitenje. Anayankhula motsitsa, m'Chichewa cha kwawo chimene anali atasiya kalekale. "Mwana wanu woyamba ali pano pomwe ndaima. Ana awiri a Idah ali apo. Wa Olipa ali paja pali chigubu chabuluu."

Mwini chigubucho anachinyamula. Nyimbo inali itafa kale. Ng'oma yokha inagundanso kawiri, woimbayo asanamvetse, nayonso inaleka.

Ba Lastone anayang'ana khoma lawo. Anayang'ana mapazi a akazi awo. Paipi yoti atsegule kuti madzi atuluke panalibe. Anatenga khasu m'manja mwa Collins.

"Abusa, bwelani na banthu banu. Tijuba kumbali uko, pa nthaka yolimba, manzi yapite kutali na pano."

Anakumba ngalande kumapeto kwa khoma, kolowera ku munda wa chimanga wa Ba Lastone omwewo. Madzi anatuluka masana onse, nagwetsa chimangacho mzere ndi mzere. Dzuwa likupendeka, maboti anali atakhala pa matope, ndipo kasupe uja anafooka mpaka kungodontha.

Amayi achikulire anayamba kufika mmodzimmodzi, popanda wowaitana. Sanapatse moni munthu. Aliyense anapita molunjika pamalo pake m'tsinde mwa khoma, naima, nayang'ana pansi. Anali ambiri kuposa mmene munthu akanaganizira.

Ba Lastone anabwerera kuchokera ku ngalande, matope mpaka m'mawondo. Atafika m'mphepete mwa dambo anaima.

"Bamake Jesse," anatero, "anali mwamuna olo mkazi?"

"Mkazi."

Anagwedeza mutu. Anakweza phazi kuti apite kwa akazi awo, nayang'ana udzu wonyowa umene unali pakati pawo, nalibweza pomwe linali.